Kuchokera ku Lichinga Kufika ku Jeddah: Kodi Wapaulendo Ndani?

KHUTBA YOYAMBA

Tikumuyamika Allah, Mwini mitunda yonse, amene anayala nthaka natipatsa miyendo yoyendera pamenepo, natizindikiritsanso kupanga zokwera za pamtunda, za pamadzi ndi za mumlengalenga. Tikuikira umboni kuti palibe wina woyenera kupembedzedwa koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zipite kwa iye, ku banja lake ndi kwa Maswahaba ake onse.

Abale anga ndi alongo anga m'Chisilamu, ndikudzilangiza ndekha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah poyera ndi mseri, tili pakhomo ndiponso tili m'njira.

Mukatenga mapu n'kukoka chingwe kuchokera pa bwalo la ndege la kuno ku Lichinga kukafika pa bwalo la King Abdulaziz mumzinda wa Jeddah, pomwe Mahaji ambiri amatsikira, chingwecho chikwana makilomita pafupifupi 3,900. Chimaloza kumpoto n'kupendekera pang'ono chabe kum'mawa, ndipo mbali yake ndi yomweyi mwayang'ana mwakhala pamikekapa. Ndege zikuluzikulu zonyamula anthu zimathamanga makilomita 800 kapena 900 pa ola limodzi. Choncho ikadakhalapo ndege yonyamuka kuno n'kulunjika ku Jeddah osatera pena, ulendowo ukadakhala wa maola asanu. Munthu akadaswali Fajr kuno ku Assumane, n'kukaswali Dhuhr m'mphepete mwa Nyanja Yofiira.

Ndege yotero kulibe. Munthu wa kuno akafuna kupita ku Makka amayamba waifulatira. Amauluka kulowera kum'mwera, ku Maputo, makilomita oposa 1,400, kenako n'kutembenuka. Kuchokera ku Maputo kufika ku Jeddah pali makilomita ena pafupifupi 5,300, ndipo nawonso sayendedwa molunjika, chifukwa nthawi zambiri pamakhala kusintha ndege ku Addis Ababa kapena ku Doha. Ena amatsikira ku Mandimba, kudumpha malire pa Chiponde, n'kukakwerera ku Lilongwe: makilomita ngati 2,600 kufika ku Addis Ababa, ndi ena 1,400 kufika ku Jeddah. Mukaphatikiza ndi maola odikira pa mipando ya m'mabwalo a ndege, ulendo wa maola asanu uja umasanduka wa tsiku lathunthu kapena masiku awiri. Ndipo mukatera ku Jeddah simunafike, pakuti mzinda wa Makka ulibe bwalo la ndege. Pamatsala makilomita oposa 80 a pamsewu.

Tikadandaula za masiku awiriwa, tikumbukire makolo athu. Amalonda a Chiyao ankanyamuka ku Mwembe, kwa Che Mataka, n'kuyenda pansi milungu ingapo kuti akafike ku Kilwa. Wofuna kupitirira kumpoto ankakwera chombo cha matanga, ndipo chombocho sichinkanyamuka tsiku lomwe mwini wafuna. Chinkadikira mphepo ya kusi, yomwe imaomba kuchokera kum'mwera kuyambira cha mu Epulo, ndipo pobwerera chinkadikira kaskazi wa mu Disembala. Ulendo wa ku Makka unkadya chaka, ndipo wotsanzika ankatsanzika ngati sadzabweranso. Ibn Battuta, amene anafika ku Kilwa m'chaka cha 1331, anachoka kwawo ku Tangier mu 1325 n'kukaiona Kaaba mu 1326. Tisaiwalenso, pakuti choonadi sitichibisa pa mimbari, kuti m'njira yomweyo ya ku Kilwa munadutsa anthu ambirimbiri ali m'magoli, ogulidwa ndi olandidwa, amene anauyenda mtunda wonsewo popanda wowafunsa ngati atopa.

Tsopano nali funso lomwe ndabwera nalo lero, ndipo si lachibwana. Ndalimva kwa achinyamata ophunzira, ndalimvanso kwa akuluakulu.

Allah anamupeputsira wapaulendo. Mu Surah An-Nisa, ndime 101, analoleza kufupikitsa Swala, ndipo mu Surah Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185, analoleza wapaulendo kumasula m'mwezi wa Ramadhan n'kudzabweza masikuwo pambuyo. Swala ya marakaa anayi imakhala ya awiri. Dhuhr imaphatikizidwa ndi Asr, Maghrib ndi Isha. Ma Ulama a madhhab a Imam Shafi'i, omwe ambiri a ife timatsatira, anaika malire a ulendo wotere pa mtunda wa masiku awiri a ngamira zosenza katundu, ndipo powerengera masiku ano amapeza makilomita opitirira pang'ono 80. Wokwera chapa kupita ku Metangula wadutsa malirewo. Wopita ku Meponda sanawafike.

Taganizani tsono za anthu awiri. Woyamba wakwera ndege kuno, wakhala pa mpando wofewa, wina akumubweretsera madzi ozizira, ndipo pakutha pa maola ochepa watsika ku Maputo malaya ake osada. Shariya ikuti ameneyu ndi wapaulendo: afupikitse, aphatikize, amasule ngati wafuna. Wachiwiri ndi bambo uja tonse timamudziwa nkhope ngakhale dzina lake sitinalifunsepo, amene amanyamuka usiku kumudzi, m'chisanu cha mu Julaye cha phiri lino, akukankha njinga yosenza matumba atatu a makala. Tinene kuti kwawo ndi makilomita 30 kuchokera mumzinda. Pokwera mtunda amatsika n'kukankha ndi chifuwa. Amafika dzuwa litakwera, miyendo ikunjenjemera, n'kubwereranso tsiku lomwelo. Shariya ikuti ameneyu si wapaulendo. Swala yake ndi marakaa anayi, ndipo mtunda wobwerera suphatikizidwa ndi wopita kuti akwanitse malire.

Kodi pamenepa pali chilungamo? Ngati chipeputso chinabwera chifukwa cha mavuto, bwanji chapita kwa wopanda mavuto n'kumudumpha wovutikayo?

Choyamba dziwani kuti funsoli silinabwere ndi ndege. Sahih Muslim ikusimba kuti Ya'la bin Umayya anamufunsa Umar bin Al-Khattab, Allah asangalale nawo, chifukwa chomwe anthu ankapitirizira kufupikitsa Swala pomwe ndime ija inatchula za kuopa adani, ndipo adaniwo kunalibenso. Umar anayankha kuti nayenso zinamudabwitsapo, ndipo atamufunsa Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anauzidwa kuti imeneyi ndi sadaka yochokera kwa Allah ndipo ayenera kuilandira. Ngakhale nkhani ya liwiro ma Ulama anaiganizira kalekale. Imam An-Nawawi, amene anamwalira mu 1277, analemba m'buku lake la Minhaj At-Talibin kuti mtunda wa panyanja umawerengedwa chimodzimodzi ndi wa pamtunda, ndipo munthu akaudutsa m'kanthawi kochepa amafupikitsabe. Iye ankaganiza za chombo chokankhidwa ndi mphepo yabwino. Zaka zoposa 600 ndege isanauluke, yankho la wokwera ndege linali litalembedwa kale.

Koma kunena kuti ma Ulama anatero sikutseka pakamwa pa mtima. Tifunse chifukwa chake anatero.

Akatswiri a maziko a Fiqh amasiyanitsa zinthu ziwiri. Pali chomwe lamulo lapachikidwapo, chomwe amachitcha illa, ndipo pali nzeru yomwe ili kuseri kwa lamulolo, hikma. Nzeru ya chipeputso cha wapaulendo ndi kuchotsa mavuto; zimenezo palibe akutsutsa. Koma lamulo silinapachikidwe pa mavutowo. Linapachikidwa pa ulendo, chifukwa ulendo umaoneka ndipo umayezeka, pomwe mavuto alibe sikelo. Ndani angayeze kutopa kwa mnzake? Ndipo mukawayang'ana bwino anthu, muona chinthu chodabwitsa: wodandaula kwambiri za kutopa kawirikawiri ndi amene sanakuzolowere. Wa mu ofesi akayenda pansi kuchokera pano kufika kumsika waukulu, amasimba sabata yonse. Wamakala mukamufunsa amangoti, "Tinazolowera, bwana." Allah akadati aliyense wotopa afupikitse Swala, oyamba kudzipatsa chilolezo akadakhala anthu a moyo wofewa, tsiku lililonse, ndipo wamakala uja, ndi manyazi ake pamaso pa Mbuye wake, akadapitiriza kuswali anayi.

Palinso china chozama kuposa pamenepa. Ulendo umatha, koma kuvutika kwa mlimi, kwa mayi wosenza nkhuni, kwa woswa miyala, ndi kwa tsiku ndi tsiku mpaka imvi. Kutopa kwa ntchito kukadakhala chifukwa chofupikitsira Swala, osauka sakadaswalipo Dhuhr yathunthu moyo wawo wonse. Tikadakhala ndi zipembedzo ziwiri mumzikiti umodzi, cha marakaa anayi cha anthu opeza bwino ndi cha marakaa awiri cha anthu ovutika. Ine ndikuona ulemu waukulu m'lamulo lomwe likumuuza wamakala kuti: iwe pano ndi kwanu, ima pamzere woyamba phewa ndi phewa ndi mwini sitolo, Swala yako ndi yathunthu ngati yake.

Mawu akuti "pano ndi kwanu" ndiwo akutitsegulira khomo lachitatu. Chomwe wapaulendo amasowa si mphamvu zokha. Amasowa malo ake. Sadziwa komwe kuli madzi otawazira, sadziwa komwe kuli Qibla, sadziwa woti amufunse. Akuluakulu amati kwa eni kulibe mkuwe. Taganizani za gogo wa kuno, wolankhula Chiyao ndi Chinyanja, atakhala pa bwalo la ndege la Addis Ababa pakati pa usiku. Zolengeza zikumveka m'zilankhulo zomwe sazimva, chipata chokwerera ndege chasinthidwa, amene anali naye wapita kukasaka madzi ndipo sakubwera. Mpando wake ndi wofewa ndithu, koma mtima wake uli m'malere. Wamakala uja akadwalira m'njira, pali nyumba zomwe akudziwa kuti angagogode. Gogoyu alibe ngakhale imodzi. N'chifukwa chake Surah At-Tawbah, ndime 60, inamuika wapaulendo amene zamuthera m'gulu la olandira Zakaat, ndipo ma Ulama anafotokoza kuti amalandira ngakhale kwawo ali ndi chuma. Ndege yachepetsa maola, koma munthu wotsika m'ndegemo ndi mlendo monga analili wotsika pa ngamira. Hadith yomwe ili mu Bukhari ndi Muslim, yochokera kwa Abu Hurayra, imaufanizira ulendo ndi gawo la chilango chifukwa umamulanda munthu chakudya chake, chakumwa chake ndi tulo take, ndipo imamulangiza kuti akamaliza chomwe anayendera afulumire kubwerera kwa abale ake. Aliyense amene anagonapo pa benchi ya bwalo la ndege chikwama atachita pilo akudziwa kuti mawuwa sanakalambe.

Ena mwa ma Ulama, monga Ibn Taymiyya amene anamwalira mu 1328, sanavomereze n'komwe zoika chiwerengero cha mtunda. Iwo anati ulendo ndi chomwe anthu a malowo amachitcha ulendo, chomwe munthu amachikonzera kamba n'kutsanzika. Sitikusintha madhhab pa mimbari ino, koma maganizo awowa akutionetsa kuti nawonso ankayang'ana za kuchoka pakhomo kuposa za thukuta.

Pali funso lina laling'ono lobadwa kuchokera ku lalikululi. Ena amati Hajj ya makolo, ya miyendo ndi chombo, inali ndi malipiro, ya ndegeyi ndi kukaona malo chabe. Ndi zoona kuti Mtumiki anamuuza mayi Aisha, pa nkhani ya Umra yawo, kuti malipiro amalingana ndi kuvutika ndi zomwe munthu wawononga. Mavuto omwe akupeza m'njira ya Allah satayika. Koma Bukhari yemweyo akusimba za nkhalamba ina yomwe inkayenda itagwiriziridwa ndi ana ake awiri chifukwa inalumbira kupita ku Kaaba wapansi, ndipo Mtumiki anailamula kuti ikwere, nanena kuti Allah alibe nazo ntchito zoti munthu adzizunze. Mavuto ofunafuna dala si ibada. Ndipo amene akuganiza kuti Hajj ya lero ilibe mavuto akumbukire chaka cha 2024, pomwe anthu oposa 1,300 anamwalira m'masiku a Hajj, ambiri chifukwa cha kutentha.

Tsopano tibwerere kwa wamakala, pakuti sitinathane naye. Zonse ndanenazi zikufotokoza chifukwa chomwe Swala yake ili ya marakaa anayi. Sizikuchotsa kutopa kwa miyendo yake. Pa nkhani ya kusala, ma Ulama athu anamusiyira khomo: wogwira ntchito yolemetsa yomwe sangathe kuisiya amaika niya usiku n'kuyamba kusala, ndipo akafika poti thupi silingapirirenso, amamasula n'kudzabweza. Koma chipeputso chake chachikulu Allah sanachiike m'chiwerengero cha marakaa. Anachiika m'manja mwa ine ndi inu. Surah An-Nisa yomweyo imene yaloleza kufupikitsa Swala, pa ndime 36 yatchula osauka, mnansi wapafupi, mnansi wakutali ndi wapaulendo m'mndandanda umodzi wa oyenera kuchitiridwa zabwino. Sadaka ya wapaulendo Allah anaipereka Yekha. Ya wamakala anatituma ife kuti tikapereke, ndipo ngati sinamufike, tisafunse kumwamba kuti chilungamo chili kuti.

Nanga timachita naye bwanji akafika pachipata? Timafinya thumba, n'kunena kuti makala ake ndi a mtengo wofewa. Timamutsitsa mtengo podziwa kuti sangabwerere nawo kumudzi, kuti dzuwa likamapendeka agulitsa pa mtengo uliwonse. Tikagula timamuuza akatule kuseri kwa nyumba, osamupatsa ngakhale madzi akumwa. Munthu yemweyo wotsitsa mtengo wa makala, akafika pogula tikiti ya ndege amalipira zomwe zalembedwa osatsegula pakamwa. Timanenerera kwa amene sangakane, n'kukhala chete kwa amene sangatimvere. Ndalama zomwe tamumana wamakala sizingagule ngakhale kilomita imodzi ya ulendo wa ku Jeddah, koma kwa iye ndi sopo, ndi mchere, ndi kope la mwana.

Ndikunena mawu angawa ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah, cha ine ndi cha inu. Mupempheni, pakuti Iye amakhululuka.

KHUTBA YACHIWIRI

Kuyamika ndi kwa Allah, madalitso ndi mtendere kwa Mtumiki Wake.

Abale anga, safunsa anadya phula, ndiye kwa amene akukonzekera ulendo wa ndege, nazi zofunika kuzidziwa musananyamuke. Kufupikitsa kumayamba mukatuluka m'nyumba za mzinda wanu, osati mukadali pakhonde mukumanga chikwama. Fajr ndi Maghrib sizifupikitsidwa. Mukaswali pambuyo pa Imamu wa pamalopo, malizani naye marakaa anayi. Mukafika komwe mukupita ndi cholinga chokhalako masiku anayi athunthu, osawerengera tsiku lofika ndi lonyamuka, chilolezo chatha malinga ndi madhhab a Shafi'i. Abale athu a Hanafi amawerengera masiku 15, choncho musadabwe kapena kukangana mukawaona akufupikitsabe. Konzani Swala zanu poyang'ana tikiti: ngati ndege inyamuka Dhuhr italowa n'kukatera dzuwa litalowa, phatikizani Dhuhr ndi Asr muli pansi.

Wotchi ya ku Saudi Arabia ili patsogolo pa yathu ndi ola limodzi. Amene wasankha kusala ali m'ndege asamasule poyang'ana wotchi kapena nthawi ya mzinda womwe uli pansi pake. Pa mtunda wa makilomita khumi m'mwamba dzuwa limachedwa kulowa, ndipo lamulo limatsata dzuwa lomwe iweyo ukuliona pa zenera. Opita ku Makka molunjika, kumbukirani kuti ndege imadutsa malire a Ihraam isanatere. Kwa ochokera mbali ya kum'mwera malirewo ndi Yalamlam. Valani nsalu zanu pa bwalo lomaliza losinthira ndege, kuti polengeza kuti malire ayandikira mungotsala ndi niya ndi Talbiya.

Chomaliza ndi cha ndalama ya tikitiyo. Surah Aal Imran, ndime 97, yaika Hajj pa amene angathe njira yake. Kutha kumeneku ndi kukhala ndi zokwanira kupita ndi kubwera, ngongole zitabwezedwa ndipo ana otsala pakhomo ali ndi chakudya. Amene sanakwanitse alibe tchimo ngakhale atamwalira asanaione ndege mkati. M'zaka za 2020 ndi 2021, chifukwa cha mliri wa Covid-19, palibe wochokera kunja kwa Saudi Arabia amene analoledwa kukachita Hajj, ndipo a ndalama ndi opanda ndalama tinakhala pansi limodzi, mtunda uli womwewo wa makilomita 3,900. Sahih Muslim ikusimba kuti Mtumiki anatchulapo za munthu wa ulendo wautali, tsitsi lili nyankhalala, fumbi thupi lonse, atakweza manja kumwamba akuitana Mbuye wake, pomwe chakudya chake, chakumwa chake ndi chovala chake n'za haramu, ndipo anafunsa kuti wotereyu angayankhidwe bwanji. Musanapite kukasinthitsa ndalama, yendani kaye kwa mnyamata amene anakulimirani munda wa nyemba ndi mbatatesi n'kumuuza kuti adzabwere mawa, kwa wamasiye amene gawo lake la chuma cha malemu likadali m'manja mwanu, ndi kwa wogulitsa amene dzina lanu lili m'kope lake.

O Allah, asungeni abale athu amene ali m'njira lero, a m'ndege, a m'sitima ya ku Cuamba, a m'chapa, a m'mabwato a panyanja, ndi amene akukankha njinga. Abwezereni kwa ana awo ali amoyo. O Allah, amene akulakalaka kuiona Nyumba Yanu atsegulireni njira ya halali, ndipo amene simunawalembere ulendowo alembereni malipiro a niya yawo. Chiritsani odwala athu, khululukirani makolo athu amene anatsogola, ndipo tipatseni mtendere m'chigawo chino cha Niassa ndi m'dziko lonse la Mozambique. Ameen.

Imani tiswali. Wongolani mizere, tsekani mipata, ndipo amene wabwera mochedwa ali panja mumusunthire.